Momwe mphunzitsi wa Sitandade 5 mpaka Fomu 2 angapezere zipangizo zophunzitsira ndi nkhani zamaphunziro pa intaneti

Pulogalamu ya BEFIT, yomwe inayamba mu 2023, ikufikitsa matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, koma mphunzitsi wa makalasi apamwamba ku pulayimale, ngakhalenso wa Fomu 1 ndi 2, akadali ndi choko, bolodi, buku la mphunzitsi ndi foni yake ya m'thumba. Komatu m'makalasi amenewa ndi momwe maphunziro amayamba kulimba. Mwana amene wazolowera kumva zinthu m'Chichewa amayenera kuphunzira masamu ndi sayansi m'Chingerezi, ndipo kutsogoloko kukumudikira mayeso a PSLCE a Sitandade 8 ndi a JCE a Fomu 2. Foni ya mphunzitsiyo ikhoza kuthandiza kwambiri, bola aigwiritse ntchito mwadongosolo, pokumbukira kuti bandulo ndi yodula, netiweki imavuta m'madera ambiri, ndipo kalasi imakhala ndi ana ochuluka kuposa amene angaone kasikirini kamodzi.

Gawo loyamba: yambirani pa silabasi

Musanatsegule intaneti, tsegulani silabasi ndi sikimu yanu. Silabasi imene timatsatira imakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education (MIE) ku Domasi, ndipo mayeso amene bungwe la MANEB limafunsa amachokera mmenemo, osati m'mavidiyo a kunja, ngakhale atakhala okoma chotani. Onani mitu ya teremu ikubwerayi ndipo musankhe itatu kapena inayi imene mukudziwa kuti ana amakhumudwa nayo chaka ndi chaka, kapena imene inuyo mumaikayikira poiphunzitsa. Pa mutu uliwonse lembani chenicheni chimene mukusowa: mwina ndi kafotokozedwe kosavuta, mwina chithunzi choti mujambule pa tchati, mwina mafunso oyeserera, mwina nkhani yaifupi yoti ana awerenge. Kulowa pa intaneti wopanda mndandanda woterewu kuli ngati kulowa pa kaunjika usakudziwa chimene wabwerera, chifukwa ndalama zimatha ndipo umabwerako ndi zinthu zimene sudzavala.

Lembaninso mutuwo m'Chingerezi monga momwe waulembera m'silabasi, popeza mawu amenewo ndi omwe mudzafufuzire.

Gawo lachiwiri: konzani foni ndi bandulo

Gawo ili ndi lalifupi koma limapulumutsa ndalama. Gulani memore khadi ndipo mupangemo mafoda, iliyonse ya phunziro lake ndi kalasi yake. Pa WhatsApp zimitsani kaja kamene kamatsitsa zithunzi ndi mavidiyo pakokha, ndipo pa Play Store letsani mapulogalamu kudzikonzanso okha pogwiritsa ntchito bandulo yanu. Onani mitengo ya Airtel ndi TNM, makamaka mabandulo a usiku ndi a sabata, ndipo muike tsiku limodzi lotsitsa zonse zimene zili pa mndandanda wanu uja, pamalo pamene netiweki imagwira bwino. Vidiyo ya phunziro imaoneka bwinobwino pa 360p, choncho palibe chifukwa choitsitsira pa 1080p.

Gawo lachitatu: sankhani masamba ochepa ndi kuwadziwa bwino

Masamba a aphunzitsi ndi ambirimbiri, koma ochepa okha ndi omwe amapereka zinthu zaulere, zololedwa kuzikopera, ndiponso zotheka kuzigwiritsa ntchito intaneti itazimitsidwa. Ine ndingalangize mphunzitsi wa ku pulayimale kuti ayambe ndi TESSA. Imeneyi ndi ntchito imene yunivesite ya Open University ya ku Britain inayambitsa mu 2005 pamodzi ndi sukulu zosula aphunzitsi za m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo zipangizo zake zimapezeka pa tsamba la OpenLearn Create. Zakupulayimale zinagawidwa m'magawo asanu, omwe ndi kuwerenga ndi kulemba, masamu, sayansi, maluso a moyo, komanso za chikhalidwe ndi zaluso, ndipo palinso gawo la sayansi ya kusekondale. Ubwino wake waukulu ndi woti amene anazilemba ankaganizira kalasi ya ana ambiri, yopanda magetsi ndi mabuku okwanira. Mupezamo njira zogawira ana m'magulu, zofunsira mafunso, ndi zogwiritsira ntchito zinthu zopezeka pakhomo, zomwe zikugwirizana ndi TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, imene tonse tinaphunzira ku koleji.

Pa masamu, tsamba la Khan Academy, lomwe Sal Khan anakhazikitsa mu 2008, lili ndi mavidiyo aafupi ofotokoza sitepe ndi sitepe, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imalola kusunga vidiyo kuti mudzaionere nthawi ina. Mavidiyowa ndi othandiza kwambiri kwa inu mwini usiku pokonzekera, kuposa kwa ana m'kalasi, chifukwa Chingerezi chake ndi cha ku America ndipo chimathamanga. Bungwe la Siyavula la ku South Africa lili ndi mabuku aulere a masamu ndi sayansi, ndipo a Giredi 7 mpaka 9 ali ndi mitu yambiri yofanana ndi ya Sitandade 8, Fomu 1 ndi Fomu 2.

Pa sayansi, PhET ndi yoyenera kuipatsa nthawi. Inayambitsidwa mu 2002 ku University of Colorado Boulder ndi Carl Wieman, katswiri amene analandira mphotho ya Nobel pa fizikisi mu 2001. Si mavidiyo ayi, koma ndi zoyeserera zimene mumazigwira ndi chala, ndipo chilichonse mukhoza kuchitsitsa ngati fayilo imodzi n'kumachitsegula popanda intaneti. Mu chimene chimatchedwa Circuit Construction Kit mumakoka batire, waya ndi babu n'kuzilumikiza. Mukalumikiza njira yonse ya magetsi, babu limayaka ndipo timadontho timayenda m'waya. Mukaonjezera batire lachiwiri, kuwala kumakula. Mukaika mababu awiri motsatizana, onse amafooka. Mphunzitsi amene wasewera nacho kwa mphindi zochepa amamvetsa zimene buku limangozinena m'chiganizo chimodzi.

Zowerenga zimapezeka pa African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, ndi pa StoryWeaver ya Pratham Books ya ku India. Pa African Storybook nthano zinasanjidwa m'magawo 5 potengera kuvuta kwake, ndipo pofufuza zachilankhulo chathu yesani mayina onse awiri, Chichewa ndi Chinyanja. Musachite manyazi kupatsa mwana wa Sitandade 6 nthano ya Chingerezi ya gawo lachitatu ngati ndiyo angaiwerenge yekha mpaka kumapeto. Aphunzitsi a Chingerezi aonenso tsamba la TeachingEnglish la British Council.

Pofufuza pa Google, lembani dzina la mutu n'kuonjezera mawu akuti filetype:pdf, ndipo adzakubweretserani mafayilo oti mungawasunge m'malo mwa masamba odzaza ndi zotsatsa malonda. Yang'ananinso chizindikiro cha Creative Commons, chomwe chimasonyeza kuti mwini wake walola kukopera ndi kugawa, bola mutchule kumene mwazitenga. Mabuku a makampani osindikiza amene anthu amawajambula n'kumawafalitsa pa WhatsApp alibe chilolezo chotere, ndipo kuwagawa ndi kuphwanya lamulo la umwini wa zolemba.

Gawo lachinayi: zisandutseni zakwathu

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya uphunzitsi, ndipo ndi pamene ambiri amadumpha. Choyamba, makalasi a maiko ena safanana ndi athu. Ku America Giredi 6 mpaka 8 ndi ya ana a zaka pafupifupi 11 mpaka 14, koma mutu umene iwo amaphunzira mu Giredi 6 mwina ife timaupeza mu Sitandade 8, ndipo wina timaupeza msanga kuposa iwo. N'chifukwa chake muyenera kufufuza potengera dzina la mutu, osati nambala ya kalasi, kenako muyerekeze zimene mwapezazo ndi zizindikiro za kakhonzedwe za phunziro lanu. Chimene chapyola silabasi chisiyeni, ngakhale chikusangalatseni.

Chachiwiri ndi miyeso. Zolemba za ku America zimayeza mtunda m'mamailosi, kulemera m'mapaundi, ndi kutentha pa sikelo ya Fahrenheit, pomwe madzi amaundana pa 32 n'kuwira pa 212. Ife timaphunzitsa makilomita, makilogalamu ndi Celsius. Mailosi imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.6 ndipo paundi imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 0.45, koma m'malo mosinthanitsa manambala n'kupeza madesimo osokoneza, ndi bwino kulemba funso latsopano. Tiyerekeze kuti mwapeza funso la mafulakishoni lonena za pizza yodulidwa magawo 8, chakudya chimene ana ambiri a kumudzi sanachionepo. Lembani kuti mlimi anagula thumba la feteleza la makilogalamu 50, anathira magawo 2 mwa magawo 5 m'munda wa chimanga, ndipo afunseni makilogalamu amene atsala. Masamu ake ndi omwewo, koma mwana akuona thumbalo m'maganizo mwake, ndipo akapeza 30 amadziwa yekha kuti yankholo ndi lomveka.

Chimodzimodzinso nyengo. Tchati chosonyeza nyengo zinayi za ku Ulaya, chipale chili mbuu mu Disembala, chingasokoneze mwana amene akudziwa kuti Disembala ndi nthawi ya dzinja, yobzala ndi kupalira. Kalembedwe ka Chingerezi nakonso kamasiyana, pakuti Amereka amalemba color ndi center pamene mabuku athu amatsatira a ku Britain, colour ndi centre.

Pa maphunziro a za chikhalidwe ndi chilengedwe, intaneti imathandiza kukonza manambala amene akalamba m'mabuku. Lipoti la kalembera wa 2018, lomwe lili pa tsamba la ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba, linapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mukhoza kutengamo chiwerengero cha boma lanu kuti ana ajambule galafu ya kwawo komwe. Pophunzitsa za ngozi zogwa mwadzidzidzi, mapu osonyeza njira imene namondwe wa Freddy anadutsa mu Malichi 2023 amafotokoza bwino chifukwa chake maboma a kum'mwera ndiwo anavutika kwambiri, ngakhale kuti m'madera amene ana anataya abale awo mutuwu uyenera kuphunzitsidwa mosamala ndi mwachifundo.

Mapulogalamu monga ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp akhoza kukupangirani mafunso oyeserera mwachangu, koma amalakwitsa molimba mtima, makamaka pa mbiri ya Malawi ndi pa malamulo a Chichewa. Funso lililonse liwerengereni nokha ndipo mulitsimikize ndi buku lovomerezeka musanalilembe pa bolodi.

Gawo lachisanu: lowani nazo m'kalasi

Nthawi zambiri foni siyenera kulowa m'phunziro n'komwe. Chithunzi chisamutsireni pa tchati, mafunso pa bolodi, ndipo choyeserera cha magetsi chija chipangeni ndi mabatire a tochi, kababu ndi waya wa wailesi yakufa, kuti gulu lililonse ligwire ndi manja. Ngati pali chinthu chimene ana ayenera kuchiona chikuyenda, monga momwe mtima umapopera magazi, apatseni onse ntchito yolemba, kenako muziitana gulu limodzilimodzi kudzaonera kwa mphindi ziwiri, mawu a vidiyo mutawazimitsa n'kumafotokoza nokha. Adziwitseni ahedi pasadakhale kuti muzigwiritsa ntchito foni pophunzitsa, kuti pasakhale kuganizirana molakwika. Musajambule nkhope za ana n'kuziika pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp popanda chilolezo cha makolo ndi cha sukulu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: gawanani mu zoni

Palibe chifukwa choti aphunzitsi khumi a mu zoni imodzi agule mabandulo khumi kuti atsitse fayilo yomweyo. Pa tsiku la CPD (maphunziro oonjezera luso la aphunzitsi) ku TDC (likulu la aphunzitsi la mu zoni) gwirizanani kuti wina atenge masamu, wina sayansi, wina Chingerezi, ndipo mukakumananso mupatsirane kudzera pa Bluetooth kapena pa memore khadi. Ngati pa TDC pali kompyuta, pemphani a PEA, alangizi a zamaphunziro a mu zoni, kuti muikemo Kolibri, pulogalamu yaulere ya bungwe la Learning Equality, yomwe imasunga maphunziro ochokera m'masamba osiyanasiyana n'kumawagawira mafoni apafupi kudzera pa Wi-Fi popanda intaneti. Kiwix nayo imasunga Wikipedia m'foni, ndipo kwa ife yoyenera ndi ija ya Chingerezi chosavuta, yomwe fayilo yake ndi yocheperapo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: tsatani nkhani kuchokera kugwero

Kalendala ya sukulu, masiku olembetsa mayeso, ndondomeko ya mayeso ndi zotsatira zake zimalengezedwa ndi unduna woona zamaphunziro ndi MANEB pa masamba awo ovomerezeka, ndipo nkhani yaikulu iliyonse imamvekanso pa MBC ndi Zodiak, kapena kulembedwa ndi Nation, Times ndi MANA. Zokhudza umoyo wa aphunzitsi pa ntchito muzimve kwa bungwe la aphunzitsi la TUM komanso kwa ahedi anu. Samalani ndi masamba a Facebook amene amabera dzina ndi chizindikiro cha unduna. Onani ngati tsambalo lakhalapo kwa zaka komanso ngati zimene limalemba zikufanana ndi za pa wailesi.

Kalata ikafika m'gulu la WhatsApp, onani tsiku, nambala ya kalatayo, siginecha ndi chidindo, chifukwa makalata a zaka zam'mbuyo amabwereranso ngati atsopano, makamaka onena za kukwezedwa pa ntchito ndi kutsekulira sukulu. Musaitumize kwa ena musanafunse a PEA. Uthenga wolonjeza likasa la mayeso, malo a ntchito kapena kusamutsidwa mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ndi wa akuba, ndipo kupezeka ndi zinthu zobera mayeso ndi mlandu umene ungakuchotsetseni ntchito ndi kukufikitsani kukhoti. Mafunso a mayeso a zaka zapitazo ndi ololedwa pokonzekeretsa ana, koma mayankho amene amayenda nawo pa WhatsApp kawirikawiri amalembedwa ndi anthu wamba, choncho muwawerengerenso nokha kapena muwaunike pamodzi ndi aphunzitsi anzanu a phunzirolo musanawapereke kwa ana a Sitandade 8 kapena Fomu 2.