Momwe mungalukire kachithunzi ka ulusi pa felemu ya m'manja

Thonje la ku Ngabu, Bangula ndi midzi yozungulira likangochoka pa sikelo limakwera lole, ife n'kutsala ndi ndalama zokha. Kale sizinali choncho. David Livingstone atadutsa mu Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota okha ndi kuwomba nsalu zolimba za machira zomwe ankasinthanitsa ndi katundu wina. Ntchitoyi kawirikawiri inali ya amuna, ndiye abambo musadumphe nkhani ino poganiza kuti ndi ya amayi okha. Nsalu za kufakitale zitachuluka, luso lija linazilala. Kuwomba nsalu yovala ndi ntchito yaikulu, koma kachithunzi ka ulusi kokoloweka pakhoma mungathe kukaluka mutakhala pakhonde, felemu ili pamiyendo.

Amene analukapo lichero akudziwa kale chiyambi chake: pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, pobwerera n'kusinthanitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ulusi woimirira suyenera kuoneka. Umabisika wonse, ndipo chithunzi chimapangidwa ndi ulusi wopingasa wokha.

Felemu ndi zida

Pemphani kalipentala akukhomereni timatabwa tinayi, mkati mwake mukhale masentimita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndipo apale bwino kuti pasakhale zokola ulusi. Pa thabwa la pamwamba ndi la pansi khomani misomali ing'onoing'ono motalikirana sentimita imodzi. Misomali ikandandalikana pamzere umodzi thabwa limang'aluka, choncho wina ukhale m'mwamba pang'ono, wotsatira m'munsi pang'ono. Ngati mukungofuna kuyesa kaye, katoni yolimba yodulidwa timipata m'mwamba ndi m'munsi, motalikirana theka la sentimita, imagwira ntchito, ngakhale imapindika mukakunga kwambiri.

Zina zonse zili kale m'nyumba: foloko yotsinderera, rula, sizasi, ndi singano yaikulu yosokera matumba. Singanoyo muikhuze pamwala kuti nsonga ibunthe, apo ayi izibaya ulusi m'malo modutsa pakati pake.

Ulusi woimirira ukhale wa thonje, wopotedwa molimba komanso wosatamuka. Wolukira madoilo ndi wabwino, wosokera matumba nawonso umatha. Wa nayiloni wa maukonde ndi wolimba ndithu, koma umaterera, ndipo zomwe mwaluka zimatsetsereka. Ulusi wopingasa ndiye sankhani momwe mtima ukufunira: wolukira majuzi, tinsalu ta chitenje totsala kwa telala todula mopyapyala, khonje, luzi la mlambe, kapena thonje lanu lomwe mwachotsa njere n'kupota pamanja. Thonje lopota pamanja limatuluka pena lonenepa pena lowonda, ndipo pa mitambo kapena mchenga ndi lomwe limakongola kuposa la kusitolo.

Njira yotsika mtengo yopezera mitundu yambiri ndi majuzi a pakaunjika, omwe kuno kotentha sachedwa kutsika mtengo. Musanagule, tembenuzani juzi muone msoko. Ngati m'mphepete munadulidwa n'kusokedwa ndi ovaloko, isiyeni, chifukwa mukamamasula muzingotulutsa tizidutswa tatifupitifupi. Ulusi womasula umakhala wopiringizika. Ukulungeni kumsana kwa mpando, muumange malo angapo, muuviike m'madzi, kenako muupachike pamthunzi mutamangirira kamwala kumunsi. Ukauma umawongoka.

Kukunga ulusi woimirira

Mangani ulusi pa msomali wa pansi kumanzere, mukwere nawo kukazungulira wa pamwamba, mutsike kukazungulira wotsatira wa pansi, mpaka mutakwanitsa m'lifupi momwe mukufuna. Poyamba masentimita 12 ndi okwanira, ndipo zingwe zimakwana 24 kapena kuposerapo pang'ono. Musanamange mfundo yomaliza, yendetsani chikhatho pamwamba pa zingwezo. Zonse zikungike mofanana. Mukapeza cholenda, kokani chingwe chimodzichimodzi kuchokera koyambira mpaka kulendako kukathere kumapeto.

Tsopano lowetsani rula, chingwe china pamwamba china pansi, n'kuikankhira m'mwamba. Mukaiimika cham'mbali imatsegula njira yoti singano idutse kamodzi n'kamodzi. Imathandiza ulendo wopita wokha. Pobwerera mudzatola zingwe ndi singano. Kumunsi lowetsani kachidutswa ka katoni kotalika masentimita 5 kuti mudzakhale ndi ulusi womangira mfundo pomaliza. Pamwamba pa kakatoniko lukani mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ndi ulusi wa thonje womwewo, uku mukusuntha zingwe ndi chikhadabo kuti zitalikirane mofanana, poti pochoka pa msomali zimakhala ziwiriziwiri.

Apa ndi pamene pagona luso

Dulani ulusi wamtundu wotalika ngati mkono wanu wonse. Wautali kuposa apo umakolana ndipo umanyuka. Yambirani chapakati, osati m'mphepete, ndipo kamchira mukasiye kumbuyo.

Mukadutsitsa singano, musakoke ulusi kuti uwongoke. Usiyeni utapindika ngati uta, mbali ya m'mphepete itangokhudza chingwe chomaliza osachikoka. Kenako tsinderani ndi foloko, kuyambira pakati pa utawo, kenako mbali ziwirizo. Chifukwa chake n'chakuti ulusi wopingasa suyenda mowongoka: umakwera ndi kutsika pa chingwe chilichonse, ndiye umafunika kutalika kuposa m'lifupi mwa nsaluyo. Mukaumana utali umenewo, umautenga wokha pokokera zingwe za m'mphepete mkati. Simuona pa mzere woyamba kapena wachisanu. Mudzangodabwa kuti nsalu yomwe inayamba ndi masentimita 12 yafika 9, yachita chiuno pakati. Palibe ayironi kapena kukoka komwe kungakonze zimenezo. Mankhwala ake ndi kumasula basi. Choncho mukaluka masentimita awiri aliwonse, yezani ndi rula ina kapena tepi.

Komanso musapitirire muyeso. Uta ukakula kwambiri, m'mphepete mumatuluka timakutu ndipo pakati pamatupa. Dzanja limazolowera pakapita mizere makumi angapo, n'chifukwa chake ndi bwino kuti chidutswa choyamba chikhale cha mizeremizere yokha, chopanda chithunzi. Ngati ulusi woimirira ukuonekerabe mutatsindira, ndiye kuti wopingasa wanenepa kwambiri kapena mwaukoka. Ulusi ukatha, siyani kamchira kumbuyo, wina muuyambe modutsana ndi wakalewo pa zingwe zitatu. Mfundo ayi.

Langizo la kuno kwathu: sambani m'manja musanagwire ulusi woyera, ndipo lukani m'mawa kapena madzulo. M'mwezi wa Okutobala thukuta ndi fumbi zimadetsa ulusi msangamsanga, ndipo litsiro lolowa mkati mwa choluka silichoka bwino.

Kuika chithunzi

Jambulani pa pepala lofanana kukula ndi choluka chanu, mulimate kumbuyo kwa zingwe ndi tepi kuti muziliona. Zing'onozing'ono zichotseni. Pa zingwe 24 simungalukepo nkhope ya munthu kapena nthenga za mbalame, koma dziko lathuli ndi losavuta kuluka chifukwa lagona mopingasa. Taganizirani mwaima tsidya la Chikwawa m'mawa mukuyang'ana kum'mawa: pansi mchenga, kenako Shire, kenako mzere wobiriwira wa bango, mapiri a ku Thyolo, ndi thambo. Ndi mizere isanu, kuwonjezapo bwato limodzi.

Chonde madzi a Shire musawaluke ndi buluu wowala wa yunifolomu ya sukulu. Mtsinjewu nthawi zambiri ndi wotuwa, ndipo m'dzinja umachita katondo. Lowetsani m'singano ulusi uwiri woonda pamodzi, wina wotuwa wina wabuluu wozilala, ndipo mtundu wake udzaoneka ngati madzi enieni. Kuti thambo lisinthe pang'onopang'ono kuchoka ku chikasu kupita ku buluu, lolani mitundu iwiriyo ilowerane: wachikasu upite patali pa mzere uwu n'kubwerera, wabuluu ulowe patali pa mzere wotsatira, malo obwererawo muzisinthasintha.

Lamulo la maonekedwe ndi limodzi: simungaluke pansi pa chinthu chomwe mwaluka kale, ndiye chimene chikucheperachepera pokwera ndicho chiyambe. Phiri limachepa pokwera, choncho yambani phiri. Mzere uliwonse kapena iwiri iliyonse siyani chingwe chimodzi mbali iyi ndi iyo mpaka pansonga, kenako mudzaze thambo m'mbali mwake. Bwato ndi losiyana. Pansi pake ndi popapatiza, pamwamba ndi potambalala, ndiye yambani madzi a mbali zonse ziwiri, mukusiya malo omwe akukulirakulira pakati. Malowo akafika msinkhu wa bwato, lowetsanimo ulusi wakuda: mzere woyamba pa zingwe zinayi, wotsatira zisanu ndi chimodzi, kenako zisanu ndi zitatu, ndipo pamwamba pake mudutsitse madzi m'lifupi monse. Werengani mizere kuti ya bwato ifanane ndi ya madzi a m'mbali, apo ayi pamwamba padzatsala dzenje kapena chitunda. Mukaima pafupi, m'mphepete mwa bwatolo mumaoneka timasitepe, koma mukaima patali diso limaona mzere wosalala.

Chovuta ndi mzere woimirira. Mitundu iwiri ikamakumana pamalo amodzi n'kumabwerera uliwonse kwake, pakati pamatsala mpata. Wosakwana sentimita usiyeni. Wautali mudzausoke kumbuyo ndi ulusi wosokera zovala, kapena mitundu iwiriyo izizungulira chingwe chimodzi mosinthana, ngakhale malire ake amaoneka ngati mano a sowo. Amene akufuna mlambe kapena mgwalangwa, apendeke pepala kuti mtengowo ugone cham'mbali poluka. Thunthu limasanduka mzere wopingasa, ndipo chithunzicho mudzachiimika pokoloweka. Oluka zithunzi zikuluzikulu amachita chimodzimodzi.

Kuchotsa pa felemu

Lekani kuluka kutatsala masentimita osachepera 5 kuti mufike pa misomali ya pamwamba. Tsekani ndi mizere ya thonje ngati munayambira. Chotsani rula ndi kakatoni, kenako dulani zingwe pafupi ndi misomali, ziwiri zokha pa nthawi imodzi, n'kuzimanga mfundo yogunda choluka musanadule zina. Mukadula zonse kamodzi, mizere ya m'mphepete imayamba kumasuka. Za pansi mungazisiye zikulendewera. Za pamwamba zipindireni kumbuyo n'kuzisokerera. Timichira tonse ta kumbuyo tilowetseni ndi singano m'kati mwa mtundu wofanana nato, n'kudula zotsala.

Ulusi wambiri wa majuzi womwe timautchula kuti wulu si ubweya wa nkhosa, ndi wopangidwa kufakitale, ndipo ayironi yamakala ikaukhudza umanyala kapena kusungunuka. Yalani choluka chafufumimba, ikani nsalu yonyowa pamwamba, mukhudze pang'ono ndi ayironi yofunda osaiyendetsa uku ndi uku. Kenako sokererani m'mwamba mwake ku kamtengo ka nsungwi kapena bango louma, ndi kumanga chingwe chokolowekera.

Sankhani khoma losafika dzuwa la pawindo, poti lathu lino limafwifwitsa ofiira ndi buluu msanga. Ngati khomalo ndi ladothi losapaka simenti, muziyang'ana kumbuyo kwa chithunzicho ngati chiswe sichinayambe kumanga njira. Fumbi lichotseni pokung'untha pang'onopang'ono. Kuchapa kumasakaniza mitundu, makamaka ngati munalukamo tinsalu ta chitenje chosachapidwapo.