Werengani nthata musanathire mankhwala mu mng'oma

Mwezi wa Julayi, anthu atangomaliza kufula uchi, ndinakacheza ndi kalabu ina ya alimi a njuchi m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama. Bambo wina anandikokera pambali. "Alangizi, tabwerani muone izi." Pansi pa mng'oma wake panali njuchi zokwawa, mapiko ake opinimbira ngati apsa ndi moto. Titanyamula kathabwa ka pakati pa mng'oma, kamene njuchi zimamangapo lesa, ndi kuyang'anitsitsa, tinaona pa msana wa njuchi imodzi kanthu kofiirira, kophwatalala, kokulirapo pang'ono kuposa utitiri wa nkhuku. Imeneyo ndi nthata yotchedwa varroa. Bamboyo anali atakonza kale chochita: kansalu konyika mu dibi wa ng'ombe, koti akalowetse mu mng'oma madzulo omwewo. Ndinawapempha kuti adikire kaye.

Nthatayi kwawo ndi ku Asia, kumene inkakhala pa mtundu wina wa njuchi. Ku South Africa inapezeka mu 1997, ku Kenya mu 2009, ndipo lero ili m'mayiko ambiri a kuno kwathu. Kukula kwake sikufika mamilimita awiri. Yaikazi imalowa m'chipinda cha mwana wa njuchi kutatsala pang'ono kuti njuchi zimate chipindacho ndi phula. Ikatsekeredwa mmenemo imaikira mazira, ndipo iyo ndi ana ake amadya mafuta a m'thupi mwa mwana wa njuchiyo. Ikamaluma imafalitsanso matenda, ndipo mapiko opinimbira aja amabwera ndi kachilombo kamene nthatayi imanyamula.

Ku Europe ndi ku America mlimi amene salimbana ndi varroa nthawi zambiri amataya ming'oma yake pakangopita zaka zochepa. N'chifukwa chake malangizo ambiri amene mumaona pa foni amangoti thirani, thirani. Koma njuchi zathu si zawo. Mwana wa njuchi ya kuno amatuluka m'chipinda msanga, motero nthata imachepekedwa nthawi yoswana. Njuchi zathu zimapesana ndi kuchotsana tizilombo, zimafukula ana odwala n'kuwataya kunja, zimagawikana kawirikawiri, ndipo zikaona kuti mng'oma wavuta zimangosamuka n'kusiya nthata zambiri m'malesa akale. Khalidwe lothawali limatikwiyitsa tonse, koma pa nkhani iyi limazipulumutsa. Ku South Africa njuchi zinavutika zaka zoyambirira, kenaka zinazolowera, n'kumakhala bwino popanda kuthiridwa mankhwala, ndipo ofufuza a ku Kenya nawonso analangiza alimi kuti asathamangire mankhwala. Ine ndili mbali imeneyo. Kuona nthata imodzi si chifukwa chothirira chilichonse. Choyamba ndi kuwerenga.

Nthawi yabwino yowerengera kuno ku Lilongwe ndi mukangomaliza kufula uchi wa pambuyo pa mvula, chisanu cha Juni ndi Julayi chitalowa. Maluwa amakhala atachepa, mfumukazi yachepetsa kuikira, njuchi mu mng'oma zikucheperachepera, koma nthata zimene zinaswana nthawi ya maluwa zikadali momwemo. Ndiye kuti njuchi iliyonse yotsalayo imasenza katundu wolemera kuposa kale. Mng'oma umene unaoneka wamphamvu mu Epulo ukhoza kufooka mu Ogasiti, n'kulephera kudzuka pamene mombo ndi tsamba zikuchita maluwa nyengo yotentha.

Kawerengedwe kake ndi kosavuta. Pezani botolo la pakamwa papakulu, mudule pakati pa chivindikiro n'kuikapo waya wa sefa wa mabowo oti njuchi singatulukepo koma nthata ingadutse. Mufunikanso shuga wosalala, uja wa pa keke amati icing sugar. Ngati palibe, sinjani shuga wamba mu mtondo wouma mpaka akhale ngati ufa woyera, n'kusefa. Sankhani lesa la ana, chifukwa nthata zimakonda njuchi zolera ana. Yang'anani bwino kuti mfumukazi isakhalepo, ndipo pa ichi musapupulume ngakhale njuchi zikulusa. Kutumulirani njuchi m'beseni, mutape theka la kapu ya tiyi, zimene ndi njuchi pafupifupi 300, muike m'botolo. Thirani masipuni awiri akulu a shuga, gubuduzani botolo kuti njuchi zonse ziyere, muliike pa mthunzi mphindi ziwiri. Kenaka lizondotseni pamwamba pa mbale yoyera ndi kukhutchumula mwamphamvu kwa mphindi imodzi. Mukathira timadzi pa mbaleyo shuga amasungunuka, nthata zimaonekera poyera. Njuchi zibwezereni mu mng'oma, zinzake zikazinyambita.

Mukapeza nthata 9 pa njuchi 300, ndiye kuti ndi zitatu pa njuchi 100 zilizonse. Pamenepa ndi pamene alimi a kunja amayambira kuthira mankhwala. Kwa ife ndimati pamenepa ndi poyambira kukhala tcheru: lembani mu kope, mubwerenso pakatha masabata atatu. Mng'oma umene chiwerengero chake chikukwerabe, ana ali apa ndi apo m'lesa, njuchi zopunduka zikukwawa pakhomo, umenewo ndiwo wofunika thandizo. Ngati muli ndi ming'oma khumi, yesani isanu kapena isanu ndi umodzi, chifukwa ming'oma yoyandikana imasiyana kwambiri. A ming'oma ya makungwa yopachika mu mtengo sangathe kuyesa motere, koma pofula akhoza kuswa zipinda za ana aamuna, zija zotukuka pamwamba. Nthata yofiirira pa mwana woyera mbee siibisika.

Ana aamunawo ndi msampha wabwino. Amakhala nthawi yaitali m'chipinda chomata, choncho nthata zimawakonda kuposa ana a njuchi zantchito. Njuchi zikayamba kuwalera ambiri nyengo ya maluwa, dulani chigawo cha lesa chokhala ndi ana aamuna omatidwa, mupite nacho kutali. Musachitaye pafupi ndi ming'oma. Mwachotsa nthata zambiri osagula kanthu.

Tsono za dibi. Ena amamva kuti mankhwala a amitraz amene ali mu dibi wina wa ng'ombe ndi omwewo amene ali mu timizere ta Apivar toika mu mng'oma pophera nthata, togwiritsidwa ntchito kunja, ndiye amati bwanji osangonyika kansalu. Ayi ndithu. Timizere tija tinapangidwa kuti tizitulutsa mankhwala pang'onopang'ono pa mlingo woyesedwa, kwa masabata 6 mpaka 8, kenaka n'kuchotsedwa. Kansalu ka dibi palibe amene akudziwa mphamvu yake. Kakhoza kupha ana ndi mfumukazi, kuthawitsa njuchi, kapena kulowerera mu phula ndi mu uchi umene mudzadyetsa ana anu ndi kugulitsa mu msika. Kalabu imaphatikiza uchi mu ndowa imodzi, ndiye cholakwa cha munthu mmodzi chimaipitsa uchi wa onse. N'chimodzimodzi mankhwala a thonje, a tomato ndi a nankafumbwe.

Ngati pafunikadi mankhwala, bwerani ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu tikambirane, tipeze opangidwira njuchi, okhala ndi chikalata chake cha malangizo. Athiridwe uchi wodya utachotsedwa. Mankhwala otchedwa oxalic acid amapha nthata zimene zili pa njuchi zokha, salowa m'zipinda zomata, ndiye amagwira bwino nthawi ya chisanu ana ali ochepa. Amawotcha khungu ndi maso, choncho magolovesi ndi magalasi n'zosakambirana. Palinso formic acid ndi thymol, koma izi zimadalira nyengo. Kutentha kukafika madigiri 30, monga zimachitikira mu Okutobala, fungo lake limachuluka mu mng'oma ndipo mukhoza kutaya mfumukazi. Mukachedwa mpaka nyengo imeneyo mwagwa pawiri, chifukwa uchi watsopano umakhalanso utayamba kulowa. Mukamaliza kuthira, yesaninso ndi shuga kuti muone ngati zatheka.

Nthawi zambiri ndikatsegula mng'oma wofooka mu Ogasiti ndimapeza kuti nthata yangopezerapo mwayi. Mwini wake anafula uchi wonse osasiyako, madzi ali kutali, tchire lozungulira lapsa, linthumbwi likukwera pa waya wopanda girisi, njenjete zadya malesa akale. Siyirani njuchi malesa a uchi oyandikana ndi ana, ikani beseni la madzi lokhala ndi timitengo toteramo, lambulani mozungulira. Ndipo pogawa ming'oma, gawani kuchokera ku umene nthata zake zimapezeka zochepa chaka ndi chaka.

Bambo uja tinayesa ming'oma yake isanu ndi umodzi tsiku lomwelo. Inayi inali ndi nthata zosapitirira zinayi pa botolo, wina zisanu ndi ziwiri. Umodzi wokha, wa njuchi zokwawa uja, ndiwo unadzaza mbale, ndipo munalibe uchi ngakhale lesa limodzi. Tinauchotsa pakati pa inzake kuti njuchi zakuba zisatengeko nthata, tinachepetsa khomo lake, tinaupatsa madzi a shuga, ndipo tinapangana tsiku lodzayesanso. Dibi uja anabwerera naye ku khola.