Lembani mtengo wa dola pansi pa bajeti yanu

Anzanga amene mumalemba makalata opempha thandizo la ndalama m'mabungwe omenyera chilungamo pa chuma kuno ku Mzuzu, nachi chomwe chatipulumutsa ife.

Mukamapanga bajeti, pansi pake lembani mtengo wa dola womwe mwagwiritsa ntchito, ndi tsiku lake. Kenako pemphani kuti mu mgwirizano wanu ndi othandiza mulowe chiganizo chimodzi chokha: kwacha ikagwa mphamvu, mudzakhala pansi n'kuunikanso bajetiyo. Izi nenani musanasainirane, poti mukasainirana kale pakamwa pamalemera.

Mukukumbuka kuti mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Thiransipoti yopitira ku Rumphi kapena ku Mzimba, holo yochitiramo msonkhano, nthawi ya pa wailesi, zonse sizichedwa kukwera, pomwe ndalama zomwe anakulonjezani m'makwacha zili pomwepo.

Zikatero musadikire lipoti la miyezi itatu. Sabata yomweyo atumizireni imelo yaifupi yosonyeza mitengo yakale ndi yatsopano, makotesheni ake ali pomwepo. Othandiza ambiri sakangana ndi manambala. Chomwe chimawanyansa n'kudzamva mochedwa kuti misonkhano ina simunachite.