Kaloba choyamba, ma bond pambuyo: kagwiridwe ka ndalama muno mu Lusaka

Ngati salale ikumalowa pa 28 koma pofika pa 10 mwayamba kale kuyimbira anthu kupempha ya basi, za ma shares (kugula magawo a makampani) ndi ma bond (kubwereketsa boma ndalama) zisiyeni kaye, yambani ndi kuthetsa kaloba, nkhongole ija ya intelesti yaikulu yotenga kwa anthu a mkomboni. Ambiri muno mu Lusaka timasokoneza poyambira, munthu akufuna kusunga uku nkhongole ikumudya pansi ngati chiswe, ndipo zimandiwawa chifukwa ndi anthu olimbikira, odzuka mbandakucha ku Kanyama ndi ku Chawama kuthamangira minibasi ya ku tawuni.

Tengani pepala ndi bolopeni. Lembani aliyense amene akukufunani: wa kaloba, ka loni ka pa foni, loni yodulidwa pa payslip, amayi a pa kantemba amene mumatengako shuga ndi saladi pa buku, olo alamu anu amene anakubwerekani K300 nthawi ya maliro. Pambali pa dzina lililonse ikani ndalama yotsala ndi intelesti yake pa mwezi. Tinene kuti munatenga K1,000 kwa wa kaloba pa 50 peresenti monga zimakhalira mmakomboni ambiri, mwezi ukatha akufuna K1,500, inu mulibe ndiye mukupereka K500 yokha kuti akusiyeni mpaka mwezi winawo. Mukachita choncho miyezi 6 mwapereka K3,000 koma K1,000 ija idakali yathunthu, TV yanu kapena khadi la ATM lili kwa iye. Palibe bond ya boma imene ingakupatseni pa chaka chonse zimene munthu ameneyo akutenga pa mwezi umodzi, nchifukwa chake kwacha iliyonse yotsala iyenera kupita kumeneko mpaka nkhongoleyo ife.

Enawo musawathawe ayi. Pitani kwa alamu muwauze zoona kuti alamu ndili ndi kaloba, ndipatseni miyezi iwiri, anthu amapsa mtima ndi foni yosayankhidwa kuposa kuchedwa. Wa kaloba nayenso mukhale naye pansi, mupemphe kuti intelesti iyime mubweze ndalama yake mzigawo, ena amavomera chifukwa nawonso safuna kutsala ndi firiji yakale mnyumba. Loni ya ku banki yokha musaiphonye, dzina likapita ku Credit Reference Bureau, kosungidwa mbiri ya nkhongole za anthu, mudzavutika tsiku limene mudzafune loni yeniyeni ya pulotu. Ndipo kutenga loni ya pa foni kuti mubweze loni ina ya pa foni, chonde lekani lero lomwe.

Bajeti imapangidwa tsiku lomwelo ndalama yalowa, mukadikira mawa yayamba kale kutha. Renti kwa alandilodi, mayunitsi a ZESCO, ya basi ya mwezi wonse muyike payokha mu envelopu, kenako chakudya. Apa pa chakudya mpamene ndalama zambiri zimatayikira mosaoneka. Pamela, kapaketi kakang'ono ka ufa kogula tsiku ndi tsiku, amaoneka wotchipa chifukwa mukutulutsa tindalama tochepa, koma tawerengerani ma pamela a mwezi wonse muyerekeze ndi thumba limodzi la 25 kg, mudzaona nokha. Chimodzimodzi malasha a mtimapepala ndi thumba lathunthu, saladi wa mkabotolo ndi chigubu. Ngati thumba la nyemba kapena kapenta wa ku msika wa Soweto simungakwanitse nokha, sonkhani atatu ndi aneba, mmodzi apite mmamawa katundu akungotsika kumene, mudzagawane pakhomo. Ufa wa breakfast ukakwera mtengo, wa roller siwochititsa manyazi, nsima yake imakhalitsanso mmimba.

Za kumudzi nazo zilowe mu bajeti, osamachita ngati zabwera mwadzidzidzi. Tonse tikudziwa kuti October ndi November akafika foni yochokera ku Katete kapena ku Petauke ilira, nkhani ya feteleza ndi mbewu. January ndi yunifomu, nsapato ndi makope, olo kuti mafizi anachotsedwa msukulu za boma kuyambira 2022. Werengani kuti zimenezi zimakudyerani zingati pa chaka, gawani pa miyezi 12, muzipatula kachigawo kameneko mwezi uliwonse. Ndipo amayi ndi atate auzeni ndalama imene mungathe kutumiza pa mwezi, iwonso azikonzekera podziwa. Za kubetcha mpira sindinena zambiri, ingotsegulani foni muwonkhetse zimene mwaika mwezi uno ndi zimene mwatapa.

Kaloba akatha, K500 imene imapita kwa iye ija isalowe mu chakudya, ndiyo yoyamba kusunga. Cholinga choyamba ndi renti ya mwezi umodzi yokhala pambali, kenako muzikweza mpaka ikwane zofunika za miyezi itatu, kuti mwana akadwala usiku musabwererenso kwa munthu yemwe uja. Musaisunge mu Airtel Money kapena MoMo yomweyo imene mumagulira ma bundle, itha osadziwa. Tsegulani akaunti ina, khadi lake lizikhala kunyumba.

Chilimba, kusonkherana ndalama nkumalandira mosinthana, nchabwino kwa munthu amene ndalama siikhala mmanja, chimakukakamiza, koma dziwani kuti sichibereka, mumangolandira zanu zomwe. Village banking, gulu losunga ndi kubwereketsana pa intelesti, imabereka, koma lowani ndi maso. Funsani ngati gulu lili ndi malamulo olembedwa, buku amasunga ndani, ndalama ikugona kuti, ndipo makamaka funsani ngati membala aliyense amakakamizidwa kubwereka, chifukwa magulu ena amatero kuti intelesti ichuluke ndipo munthu amene anabwera kudzasunga amatulukamo ndi nkhongole. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti ikani K2,000 mulandire K4,000 pakatha masabata awiri bola mubweretse anzanu atatu, ndalama imene akulipira oyambawo ndi ya omalizira, ndipo omalizirawo mukhoza kukhala inu. Makampani obwereketsa ndi osunga ndalama ovomerezeka ali pa mndandanda wa Bank of Zambia, a ma investment ali kwa SEC (Securities and Exchange Commission), yang'anani kaye.

Tsopano ma bond aja. Anthu amaganiza kuti ndi za mabwana a ku Kabulonga koma K1,000 ndiyokwana kuyambira. Mukubwereketsa boma, kudzera ku Bank of Zambia kapena ku banki yanu, mufunika NRC (chitupa chanu), TPIN (nambala yanu ya msonkho) ndi akaunti ya ku banki. Ma treasury bill ndi afupi, masiku 91, 182, 273 kapena 364, ndiye ndalama ya feteleza kapena ya January mutha kuyiyika mmenemo nthawi yake ikwanirane. Ma bond ndi a zaka 2, 3, 5, 7, 10 mpaka 15, amakulipirani intelesti miyezi 6 iliyonse atadula msonkho, awa ikanimo yokhayo imene simudzaifuna msanga. Ma shares a makampani ngati Zanaco, Zambeef ndi Zambia Sugar amagulidwa pa LuSE, msika wa ma shares wa ku Lusaka, kudzera kwa broker, kampani yovomerezeka yokugulirani, mtengo wake umakwera nkutsika, ine ndingati abwere pomalizira mutazolowera zinazi.

Ogwira ntchito yolembedwa, NAPSA, bungwe la penshoni, imadula 5 peresenti pa salale yanu ndipo abwana akuyenera kuonjezera 5 ina. Pemphani statement kamodzi pa chaka muone ngati mwezi uliwonse ukuonekadi, pakasowa miyezi funsani akadali abwana anu. 20 peresenti ya ndalama zanu za ku NAPSA imene lamulo linalola kutapa kuyambira 2023 imatengedwa kamodzi kokha, ndiye ngati simunaitape, muisungire pulotu kapena kuphera nkhongole ya intelesti yaikulu. Ogulitsa pa msika, oyendetsa mabasi ndi ogwira ntchito zapakhomo nawonso amaloledwa kulembetsa, pitani ndi NRC yanu mukafunse.