Momwe mungadziwire ngati njinga yamoto "ya chaka chino" ndi yatsopanodi musanalipire

Kuno ku Mchinji njinga zamoto tinazizolowera, koma zambiri ndi za akabaza, zija za 125cc ndi 150cc zonyamula matumba a mtedza ku Mkanda ndi ku Kapiri. Zikuluzikulu za liwiro, monga Yamaha R1, BMW S 1000 RR ndi Kawasaki ZX-10R, timangoziona mwa apo ndi apo zikulira mu msewu wa M12 kulowera ku chipata cha Mwami. Masiku ano anyamata amene soya ndi fodya zawakomera ayamba kuzifunsira pa Facebook ndi WhatsApp kwa ogulitsa a ku Lusaka ndi Johannesburg, ndipo chimene chimawakopa ndi mawu akuti "modelo ya chaka chino". Mawu amenewa amakweza mtengo, koma si nthawi zonse pamene amakweza njingayo. Musanatumize ngakhale tambala, chitani izi.

Yambani ndi kufunsa wogulitsa kuti chasintha n'chiyani kwenikweni. Makampani amalengeza modelo chaka ndi chaka, koma zaka zambiri amangosintha penti ndi zomata. Tengani R1. Inatuluka koyamba mu 1998, anaipanganso yonse mu 2015, ndipo mu 2020 anakonza injini kuti igwirizane ndi malamulo a utsi a ku Ulaya. Kuchokera pamenepo mpaka 2024 njingayo inakhala yomweyo. Mu 2025 ndi pamene anaiika timapiko tiwiri kutsogolo, mabuleki a Brembo Stylema ndi mashoko atsopano a KYB, koma injini ya 998cc sanaisinthe. Choncho amene akukulipiritsani ndalama zambiri pa R1 ya 2024 poyerekeza ndi ya 2021 akukugulitsani zaka ndi makilomita ochepa, osati luso latsopano. Nayo S 1000 RR inasinthidwa kwambiri mu 2019, n'kulandira timapiko mu 2023, ndipo mu 2025 timapikoto anatikulitsa.

Ndinene maganizo anga pa timapikoti. Ntchito yake ndi kukanikiza tayala lakutsogolo pansi njinga ikamathamanga liwiro la pampikisano. Pakati pa Kamwendo ndi Boma, pamene pali mbuzi, ngolo ndi ana asukulu m'mbali mwa msewu, liwiro limenelo simuyenera kulifika n'komwe. Chimene ndingalipirire ndalama yoonjezera ndi mabuleki abwino.

Samalaninso ndi R1 ya 2025 yochokera ku Ulaya. Kumeneko kuyambira chaka chimenecho imagulitsidwa ya pabwalo la mpikisano lokha, yopanda nyali ndi magalasi oonera kumbuyo. Mukaona chithunzi cha njinga yopanda nyali, musavomere zoti "tikuikirani tikafika".

Chachiwiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha, werengani nambala ya chasisi. Imadindidwa pachitsulo pakhosi pa njinga, pamene mahandulo amalumikizana ndi thupi lake. Uzani wogulitsa ajambule pomwepo, osati papepala, ndipo ngati n'kotheka ajambule vidiyo yoyambira patali n'kufika pa nambalayo, kuti mudziwe kuti ndi njinga yomweyo. Nambalayi imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Zitatu zoyamba zimanena kampani: JYA ndi Yamaha, JH2 ndi Honda, JS1 ndi Suzuki, WB1 ndi BMW. Zilembo I, O ndi Q sizipezekamo, ndiye mukaziona dziwani kuti wina wagwirapo.

Tsopano werengani mpaka pa chilembo cha nambala 10. Pa njinga zopangidwira msika wa ku America, ndi zina zambiri, chimenecho ndiye chaka cha modelo: L ndi 2020, M ndi 2021, N ndi 2022, P ndi 2023, R ndi 2024, S ndi 2025, T ndi 2026. Njinga zina za ku Ulaya sizitsata dongosololi, ndipo zogulitsidwa m'dziko la Japan momwemo zimakhala ndi nambala yaifupi. Zikatero, tumizani nambala yonse kwa wogulitsa wovomerezeka wa kampaniyo akuuzeni chaka chake. Kumbukiraninso kuti chaka cholembetsera ndi chaka cha modelo ndi zinthu ziwiri: njinga ya 2023 ikhoza kukhala m'sitolo mpaka 2025 isanagulidwe.

Matayala nawo amaulula. M'mbali mwake muli manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo DOT; 2324 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2024. Njinga imene akuti sinayendepo koma matayala ake ndi a zaka zinayi zapitazo, pali nkhani.

Mukakhutira, pitani nokha kapena tumani makaniko amene mumamukhulupirira. Ailize injini itazizira, ndipo aone ngati nyali zochenjeza za injini ndi za ABS (makina oletsa matayala kumangika pogwira mabuleki) zikuzima njinga ikayamba kuyenda. Ayang'ane nsonga za mahandulo ndi zopondera, chifukwa njinga imene inagwapo imapalika pamenepo, ngakhale mapulasitiki atasinthidwa. Ndipo timapiko musatikhulupirire: timagulitsidwa patokha, munthu amangotimata pa njinga yakale. Chonamizira movuta ndi mabuleki ndi mashoko.

Za mapepala n'zachidule koma musadumphe. Nambala ya chasisi ifanane pa njinga, pa buku lake ndi pa lisiti. Ngati ikuchokera ku Zambia kapena ku South Africa, pakhale chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Funsiranitu ku ofesi ya MRA kuti msonkho udzakhala zingati, chifukwa kukamvera pa Mwami njinga itafika kale kumasowetsa mtendere. Kenako kalembetseni ku Road Traffic, dulani inshuwalansi, ndipo onani laisensi yanu: A1 imalekezera pa 125cc, njinga zotere zimafuna A.

Chomaliza, yang'anani msewu wa kwanu. R1 imalemera pafupifupi makilogalamu 200 ndipo mimba yake ili masentimita 13 okha kuchokera pansi. Mahampu a pa Kamwendo muziwoloka pang'onopang'ono, ndipo msewu wafumbi wolowera kumudzi nthawi ya dzinja si wake. Petulo wa m'zigubu musathiremo. Masipeyala simuwapeza pa Boma, choncho pogula njingayo onjezeranipo fyuluta ya oilo, mapadi a mabuleki ndi tayala lakumbuyo, lomwe limatha msanga pa njinga zamphamvu chonchi. Ngati ndi yatsopanodi, sevisi yoyamba imachitika ikakwana makilomita 1,000, ndiye pezeranitu makaniko wa ku Lilongwe wodziwa njinga zotere isanadutse pachipata.