Momwe mungadziwire ngati khobidi linalakwika ku fakitale kapena langoonongeka m'manja mwa anthu

Anthu ambiri akaona khobidi looneka mwachilendo amathamangira kuganiza kuti apeza chuma, koma zoona zake nzakuti ambiri mwa makobidi amenewa anangomenyedwa, kupondedwa ndi galimoto kapena kudyedwa ndi dzimbiri. Kulakwika kwenikweni kumachitikira ku fakitale yosula ndalama ndipo kumachitika malo atatu basi, pa kachitsulo kozungulira kaja kasanadindidwe, pa chidindo chenichenicho, kapena nthawi yomwe makina akumenya. Ndiye funso loti muzidzifunsa nthawi zonse ndi lakuti, chimene ndikuonachi chikanatheka bwanji pa malo atatu amenewa?

Pezani kaye galasi lokuza zinthu ka 10, kasikelo kowerenga mpaka 0.01 galamu, maginito, ndi khobidi lina labwinobwino la chaka chomwecho loti muzifananiza nalo. Muziligwira m'mbali, ndipo chonde musalitsuke kapena kulikwecha kuti liwale, mukatero mwalichotsera mtengo.

1. Yambani ndi sikelo ndi maginito
Apa mukufufuza ngati linadindidwa pa chitsulo cholakwika. Mu 1943 America inapanga ma cent achitsulo chokutidwa ndi zinc chifukwa kopa imafunika ku nkhondo, koma tizitsulo tochepa ta kopa totsala chaka cham'mbuyo tinalowa m'makina n'kutuluka ma cent a kopa a 1943 omwe ndi osowa kwambiri. Lachitsulo limalemera magalamu 2.7 ndipo limakakamira ku maginito, la kopa ndi 3.11 ndipo silikakamira. Akamberembere amapaka kopa pa lachitsulo kapena kusema 8 wa 1948 kuti aoneke ngati 3, ndiye onaninso manambalawo bwinobwino.

2. Zungulirani m'mphepete
Khobidi lobenthuka ngati mwezi wosakwana limatha kukhala kuti makina odula tizitsulo anadula pamalo podula kale. Chizindikiro chake nchakuti zilembo zimazilala pang'onopang'ono zikamayandikira pobenthukapo, ndipo nthawi zambiri mbali yoyang'anana nayo mkombero umakhala wofooka. Ngati podukapo ndi pakuthwa, ponyezimira, pali timizere ta tupa kapena sowo, ameneyo ndi munthu anadula. Likakhala kuti chithunzi chathawira mbali imodzi mbali ina n'kutsala yosalala, linamenyedwa lisanakhale pakati. Likakhala lotambalala, lopyapyala, chithunzi chonse chilipo koma timizere ta m'mphepete mulibe, mphete yoligwira pomenya sinali m'malo, amati broadstrike.

3. Chotukuka kapena cholowa mkati?
Ichi chokha chimathetsa mikangano yambiri. Chidindo chikang'aluka chitsulo chimalowa mu mng'alumo, ndiye pa khobidi mumaona mzere wotukuka. Chikabenthuka m'mphepete pamatsala chibulumwa chosalala chomwe amati cud. Kukalika kumalowa mkati ndipo kumakankhira chitsulo m'mbali mwake. Mukaona chithunzi cha kuseri chikuonekera mwazii kumaso, zidindo ziwiri zinaombana zokha pakati palibe kachitsulo. Zilembo zikasowa koma pamalopo pali posalala opanda zokalika ndipo kulemera sikunasinthe, mwina girizi anadzaza chidindo.

4. Zilembo zooneka pawiri
Apa ndi pomwe anthu amanyengeka kwambiri ndipo zimandiwawa kuona munthu akulipira ndalama zambiri pa chinthu wamba. Doubled die yeniyeni imayambira popanga chidindo, chithunzi chimalowa kawiri mosemphana pang'ono, ndiye khobidi lililonse lomenyedwa ndi chidindo chimenecho limatuluka chimodzimodzi ndendende, ngati cent ya ku America ya mutu wa Lincoln ya 1955 yomwe chaka ndi mawu oti LIBERTY zimaoneka pawiri ngakhale opanda galasi. Zithunzi zonse ziwiri zimakhala zotukuka, zobulungira, zilembo zimanenepa ndipo kunsonga kwake kumagawanika. Koma pali kwina komwe chidindo chimangogwedera pomenya n'kupala m'mbali mwa chilembo, apo chachiwiricho chimakhala chafulati ngati sitepe ndipo chilembo chenicheni chimaonda. Kumeneku nkofala zedi, osonkhanitsa makobidi salipira kanthu kenikeni. Muziunika ndi tochi kuchokera m'mbali n'kumatembenuza khobidilo pang'onopang'ono, chifukwa kuwala kochokera mbali ziwiri kumanamiza maso.

5. Kumaso ndi kuseri zikugwirizana?
Nthawi zina amaphatikiza zidindo zosayenera kukhala pamodzi, amati mule. Mu 2008 Royal Mint, fakitale yosula ndalama ya ku Britain, inasamutsa chaka pa khobidi la 20 pence kuchoka kuseri kupita kumaso, ndiye chidindo chakale chakumaso chitakumana ndi chatsopano chakuseri kunatuluka makobidi opanda chaka konse. Onaninso ngati mbali imodzi yapendekeka, koma dziwani kaye kapangidwe ka dzikolo, la America mumatembenuza mutu pansi kuti kuseri kuimirire pomwe la Britain mumatembenuza chammbali. Lokhala ndi mitu mbali zonse pafupifupi nthawi zonse ndi awiri omata, funani mzere wolumikizira pafupi ndi mkombero.

Likadutsa zonsezi lijambuleni mbali zonse ndi m'mphepete momwe, lembani kulemera kwake, liikeni mu kapulasitiki kopanda PVC, mtundu wa pulasitiki womwe umaononga makobidi. Ngati mukuona kuti ndi la mtengo litumizeni ku makampani otsimikizira makobidi ngati PCGS kapena NGC musanakambirane mtengo ndi wogula aliyense.