Momwe mungayezere ngati msika wa masheya uli tcheru pa mtendere ndi pa mavuto

Akatswiri a zachuma amati msika wa masheya uli tcheru ngati nkhani yatsopano imalowa m'mitengo nthawi yomweyo, moti mtengo wa dzulo sungakuuzeni za mawa. Izi mukhoza kuziyesa nokha pa Excel.

Yambani ndi kusankha misika yoyerekeza. Msika uliwonse uli ndi nambala imodzi (index) yoonetsa momwe mitengo ya masheya ake ikuyendera pamodzi: tengani MASI ya Malawi Stock Exchange ku Blantyre, LASI ya msika wa ku Lusaka, ndi All Share ya Johannesburg Stock Exchange (JSE) ku South Africa. Lembani nambala imene malonda atsekera tsiku lililonse, msika uliwonse mumzere wake.

Kenako pezani kusintha kwa tsiku ndi tsiku: nambala ya lero kuchotsapo ya dzulo, yankho lake n'kugawa ndi ya dzuloyo.

Tsopano dulani nthawi pawiri. Ya mtendere ikhoza kukhala 2018 ndi 2019. Ya mavuto iyambire Malichi 2020, pomwe Covid-19 idagwedeza misika padziko lonse. Kwathu kuno ku Malawi onjezani miyezi yotsatira Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mukafuna kuonjezera msika wa ku Harare, muusamale: boma lidauimitsa mu Juni 2020, ndiye masiku amenewo si a bata, n'ngopanda malonda.

Pa chigawo chilichonse gwiritsani ntchito CORREL, fomula ya mu Excel yoyeza ngati manambala a mizere iwiri amayendera limodzi, kuyerekeza kusintha kwa lero ndi kwa dzulo. Yankho likayandikira ziro, msika uli maso. Likatalikirako, ndiye kuti mitengo imatsata mapazi ake, ndipo wochenjera akhoza kulosera. Kutalikira kwake kotani? Gawani 2 ndi square root ya masiku amene mwawerenga. Pa masiku 100 malire ndi 0.2, pa masiku 400 ndi 0.1. Chosapyola apa chikhoza kungokhala mwangozi.

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Pa msika waung'ono ngati wathu, wa makampani osafika 20, sheya ina imatha masiku osagulidwa ndi munthu. Mtengo wake umangokhala duu, osati chifukwa n'ngwachilungamo, koma chifukwa eni ake, makamaka mabungwe a penshoni, amagula n'kusunga. Nkhani ya Lolemba imadzalowa m'mitengo Lachinayi, pang'onopang'ono, ndipo CORREL imatuluka yaikulu. Choncho musanaweruze, werengani masiku amene mtengo sunasunthe konse pa kampani iliyonse. Akachuluka, bwerezani masamu onse ndi mitengo ya pamlungu, mwachitsanzo ya Lachitatu lililonse.

Ine ndimakhulupirira za pamlunguzo kuposa za tsiku ndi tsiku ku Blantyre ndi Lusaka. Ku Johannesburg, komwe malonda sakata, za tsiku ndi tsiku n'zokwanira.

Pomaliza ikani mayankho a mtendere ndi a mavuto moyandikana. Mukafuna kuyerekezanso phindu la misika itatuyi, sandutsani kaye manambala onse akhale m'madola, apo ayi kugwa kwa kwacha mudzakuona ngati kukwera kwa masheya.